Kudya Pamodzi ndi Apongozi

Ndine mkamwini. Ndinakwatira ku Chiparamba ndili mnyamata, ndipo imvi zandipeza komweko, pamudzi wa mkazi wanga. Ndimalima chimanga, thonje ndi nsawa pamunda umene anandipatsa apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga. Zaka zonsezo sindinawaonepo mano.

Ndiwo mwambo wake. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Sakhala nawo pamphasa, sadya iwo akuona. Bambo anga pondiperekeza anangondiuza zimenezo basi, za munda anati ndikaphunzira komweko. Tikakumana panjira, ine ndinkalowa m'tchire la mbali iyi, iwo la mbali iyo, aliyense atapereka msana, mpaka wina adutse. Nthawi ya dzinja thalauza langa linkanyowa mpaka m'maondo chifukwa cha ulemu umenewu. Denga la nyumba yawo ndinkafolera iwo atapita kudimba. Pobwera ankapeza udzu watsopano, ine kulibe.

Kulankhula tinkalankhula, koma podzera mwa wina. Iwo ali kuseri kwa nkhokwe, ine pakhonde, ankauza mkazi wanga kuti, "Uwauze apongozi kuti mbuzi zalowa m'munda." Ine ndikumva. Mkazi wanga ankabwereza, ine n'kuyankha kwa iye. Pakasowa munthu, ankatuma chilichonse chimene chili pafupi. Tsiku lina anatuma nkhuku. "Nkhuku iwe, kawauze kuti chitseko changa chaguluka." Ine ndinauza nkhuku yomweyo kuti ndikonza madzulo. Palibe anaseka. Chitseko ndinakonza.

Mabanja ena amafewetsa zimenezi ana akakula. Apongozi anga sanali otero, ndipo ine zinkandiyenera. Sindikonda kulankhula.

Kuiwala kunayamba ngati za ukalamba. Mchere kuthira kawiri. Khasu kulisiya kumunda n'kumati ana aba. Chaka china anabzala nsawa pamizere imene anali atabzala kale dzulo lake. Tsiku lina la pakati pa sabata anavala za kutchalitchi n'kukakhala okha pabenchi kudikira Misa. Tinkati ndi kukula. Kenako anayamba kufunsa za anthu amene tinawaika kalekale. Kenako anayang'ana mkazi wanga, mwana wawo woyamba, amene amawasambitsa ndi kuwaphikira, n'kumufunsa kuti, "Mayi inu, kwanu n'kuti?"

Mkazi wanga sanalire pomwepo. Anakalirira kubafa.

Choopsa chinali chakudya. Mbale inkabwerera yoyera, ife n'kumati adya, koma thupi likutha. Chitenje chinayamba kuwakulira. Mkazi wanga posesa ndiye anapeza: mbatata pansi pa mphasa, chimanga chowotcha chotsomekedwa m'denga, phala m'kapu kuseri kwa mtsuko litachita nkhungu. Nyerere mzere mzere. Atawafunsa, anamukalipira kuti ndi wakuba, asakhudze za mwini. Mwini wakeyo ndani, sananene.

Tsiku limene ndinamudziwa mwiniyo ndinkachokera kopopera thonje, mpope uli kumsana, dzuwa lili pamutu. Njira yathu imadutsa pamjigo, ndipo pamjigo panali azimayi ambiri. Ndinaona apongozi akubwera kutsogolo. Ndinachita za nthawi zonse: kupatuka, kulowa m'munda wa mwini, kupereka msana. Ndinadikira kuti adutse.

Sanadutse. Ndinamva mapazi m'mapesi kumbuyo kwanga. Kenako dzanja linandigwira pamkono.

"Wabwera! Iwe, wabwera liti?"

Mjigo unasiya kulira.

Anandizungulira n'kuima kumaso kwanga. Ndi tsiku limenelo ndinadziwa kuti apongozi anga ali ndi mpata pamano akutsogolo. Ankaseka. Anandigwira tsaya, anandikoka khutu.

"Taona kuonda! Kumeneko sakupatsa chakudya?"

Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa mbatata yophika, yoterera kale, yonunkha.

"Ndakusungira. Idya asanaone."

Ndinathawa. Munthu wamkulu, wa zidzukulu, ndinathamanga m'munda wa mwini, mpope ukugunda kumsana, mankhwala otsala akunditsikira m'khosi. Kumbuyo azimayi anaphulika nako kuseka. Wina anafuula kuti, "Mugwireni mkamwini uyo, waiwala kamba!"

Dzuwa lisanalowe mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, anali atamva kale. Ndi munthu wa pakamwa. Anandipeza ndikutsuka mpope.

"Alamu, ndamva mwapambana mpikisano. Akuti ngakhale njinga siikanakupezani."

Ndinapitiriza kutsuka.

"Zaka zonsezi ife timati mumaopa mwambo, kani mumaopa mbatata."

"Chokani."

"Ndichoka. Koma mundiuze kaye, tsopano ndizikuitanani alamu kapena amalume?"

Mawu amenewo ndinawamvetsa mkazi wanga atafotokoza. Apongozi anali ndi mlongo wawo wamng'ono. Makolo awo anamwalira m'chaka cha njala, iwo akali mtsikana, ndipo mnyamatayo anamulera ndi iwo. Chilichonse chimene apeza, woyamba kudya anali iye, iwo ankadya zotsala. Atakula anapita kumigodi ndipo sanabwerenso. Palibe akudziwa kumene anathera. Anali wamtali, wosalankhula, phewa limodzi lotsika.

"Ngati inu," anatero mkazi wanga. "Chakudya chonse chija amasungira iye. Mutangodyako pang'ono iwo akuona, mwina nawonso..."

"Ayi."

"Bambo ake."

"Ndati ayi. Pezani wina."

Mlamu anayesa. Anavala chipewa changa ndi jekete yanga, anatsitsa phewa, n'kupita ndi mbale ya phala akuti, "Alongo, ndabwera." Anamuthamangitsa ndi mthiko, mwana wobereka okha, akufuula kuti wakuba. Mlamu anabwera akuseka, akuti nayenso wathamangako mpikisano. Koma chipewa anandibwezera osandiyang'ana, ndipo panapita masiku asanaonekenso pakhomo.

Ine ndinasintha njira. Kumunda ndinayamba kudzera kudambo, kuzungulira, kuti ndisadutse pamjigo. Apongozi ankakhala m'mbali mwa njira yakale kuyambira m'mawa, mfundo ya chitenje ili m'manja, kuyang'ana kumene ndinathawira. Ndinkawaona patali, pakati pa mitengo ya mango. Tsiku lililonse ankaoneka ochepa. Mkazi wanga sanandipemphenso. Ankangondiikira chakudya changa patsogolo n'kuima pomwepo kundiyang'ana ndikudya.

Pamudzi mawu anayamba. Ena ankati awalodza. Ena ankati ndi iwo ankalodza, tsopano zawabwerera. Ena ankati mkamwini wawadyetsa kanthu kuti atenge dimba. Mkazi wanga anati tipite nawo kuchipatala ku Chipata. Zimenezo ndinavomera.

Minibasi anakana kukwera mpaka ine nditakhala pambali pawo. Njira yonse anandigwira bondo. Ine maso pawindo. Kondakitala anati, "Madala, agogo amakukondani, muziwasunga bwino," akuyesa ndi mkazi wanga. Mkazi wanga weniweni ali pampando wakumbuyo.

Dokotala anali mtsikana, msinkhu wa ana anga. Anawafunsa mafunso: lero ndi lachingati, pano ndi pati, awa ndani. Anayankha kuti tili kumsika, ndipo mkazi wanga ndi mayi wogulitsa tomato. Atawalozera ine anati, "Uyu ndi wanga uyu." Anawayeza zambiri, kenako anatiuza. Anati matendawa dzina lake ndi dimenshiya. Ubongo umafooka pang'onopang'ono, zatsopano zimayamba kufufutika, zakale n'kutsala. Si ufiti, ndipo si ukalamba wamba, chifukwa okalamba ambiri amafa akudziwa ana awo. Mankhwala ochiza palibe. Anawapatsa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, amene anati akhala nako nthawi yaitali osadziwa. Anati tisamakangane nawo, tisamawaumirize kukumbukira, tisawatsekere m'nyumba.

"Koma chimene chingawatenge msanga ndi njala," anatero. "Alipo amene amamumvera pa chakudya?"

Mkazi wanga anandiloza ndi mlomo.

"Ndinu mwana wawo?"

"Mkamwini."

Dokotala anaika cholembera pansi. Anali wakuno, anamva.

"Bambo, inenso apongozi ndili nawo, ndimawagwadira. Sindikuuzani kuti mwambo ndi wachabe." Anakweza mkono wa apongozi kuti ndiuone. "Ndikungoti muuyang'ane mkonowu lero, chifukwa mukachedwa mudzabwera nawo atanyamulidwa."

Ndinauyang'ana. Unali ngati phesi.

Kenako anati ndipinde malaya, nane andiyeze. Ndinati ine sindikudwala. Anati agogowanso ankatero. Anapeza kuti magazi anganso akuthamanga. Anandifunsa za fodya, za kachasu, za mchere. Anati zimenezi zimawononga mitsempha ya m'mutu, ndipo munthu akazichepetsa, n'kumamwa mapiritsi ake, n'kumagwira ntchito, n'kumacheza ndi anthu, amadzitchinjiriza ndithu, ngakhale palibe angalonjeze.

Mkazi wanga anati, "Zocheza ndi anthuzo muwabwerezere."

Fodya ndinasiya. Zocheza sindinathe.

M'mawa mwake ndinauza mkazi wanga aphike phala la nsinjiro. Ndinati tikadyera m'nyumba mwa apongozi, chitseko chotseka. Chikwatirireni ndinali ndisanalowemo iwo ali momwemo. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali ngati mwana wopalamula. Nditalowa n'kutseka, apongozi anakwiya.

"Ukutsekeranji? Taba? Tiye panja, pali kamphepo."

Anayala mphasa pakhonde. Khonde lawo limayang'ana njira ya kumjigo.

Ndinakhala. Ndinatenga supuni. Anandilanda.

"Manja ako ndi akuda, wachokera kutali."

Anatapa phala, anauzira, n'kundibweretsera kukamwa. Ndinayang'ana pansi. Panali nyerere ikukoka kanjere ka chimanga. Ndinayasama.

Kukoma kwa phala limenelo sindikukudziwa. Ndinkangomva makutu kutentha, ndi mapazi a anthu akuchepetsa liwiro panjira. Ndowa ya wina inagwa. Anandipatsanso, n'kundipatsanso. Anandipukuta ndevu ndi nsonga ya chitenje.

"Wakhuta?"

Ndinagwedeza mutu.

"Usaname."

"Ndakhuta."

Amenewo ndiwo mawu oyamba amene ndinalankhula kwa apongozi anga popanda wina pakati.

Anayang'ana m'mbale, anayang'ana ine, n'kuyamba kudya. Anadya lonse, anakomba ndi chala. Mkazi wanga anali kuseri kwa nkhokwe, pamalo pomwe mayi ake ankaima kale akamandituma. Ndinkangoona mapazi ake.

Kuyambira apo moyo wanga unamangidwa pambale imeneyo. M'mawa phala, ndisanapite kumunda. Dzuwa likafika pamutu, khasu pansi, kubwerera. Ku Chipata kokagula feteleza ndinkapita mothamanga ngati ndasiya khanda. Ndikachedwa ndinkapeza chakudya chalowa kale m'mfundo ya chitenje. Mapiritsi nawo ankamwa ine ndikayamba kumwa anga. Thupi linabwererako. Anasiya kukhala m'mbali mwa njira. Anasiyanso kuthamangitsa mkazi wanga, ankamutcha mayi wachifundo uja.

Ndinaphunzira zina. Mbale ikhale yomweyo, yachitsulo, ya maluwa ofiira. Wailesi izime. Anthu akachuluka, amasokonezeka. Nsomba azichotseratu minga. Akafunsa chinthu chimodzimodzi mobwerezabwereza, yankho likhale lomwelo, mawu osakwera.

Ndipo ankafunsa.

"Unachedweranji?"

"Kunali kutali."

"Unakwatira kumeneko?"

"Ndinakwatira."

"Mkazi wabwino?"

"Wabwino."

"Apongozi ako uziwalemekeza, wamva? Usamawayang'ane kumaso. Anthu angati sindinakulere."

"Ndamva."

Sindinawanamize. Ndinkangosankha zoona zimene zikulowa. Koma kuwaitana kuti alongo, pakamwa pankakana.

Ntchito yolemera inali ya mkazi wanga. Kuwasambitsa, kuchapa zimene anyowetsa, kuwalondola akasochera kudimba la eni. Tsiku lina akuyanika mabulangete anati, osatembenuka, "Ine ndimachapa, kuseka amasekera inu." Ndinatenga ndowa n'kupita kumjigo ndekha, pakati pa azimayi omwe aja. Anandipatsa malo kutsogolo. Wina anati, "Asiyeni atunge msanga, alongo awo akudikira." Ndinatunga. Kuyambira tsiku limenelo madzi ochapira ndimatunga ndine.

Amati munthu amazolowera. Ine ayi. Pabawo ndinasiya kupita. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Kunagwa maliro m'mudzi woyandikana nawo. Titachokera kumanda, amuna tinakhala patokha pansi pa mtengo kudikira chakudya. Apongozi anali kwa azimayi ndi mkazi wanga. Anamupulumuka bwanji, sindikudziwa. Ndinangowaona akudutsa bwalo lonse, mbale ya nyemba ili m'manja. Anapyola amuna onse n'kukhala pansi pambali panga. Anatapa ndi dzanja n'kundilozetsa kukamwa.

Amuna a kwathu maso pansi. Wina anatsamwa ndi kuseka. Mkulu wina wa mudzi umenewo, wosadziwa nkhani, anati, "Kodi awa si apongozi ake? Zafika pamenepa?"

Ndinadya. Ndikanakana, sakanadya mpaka mawa.

Amene anayankha ndi mlamu. "Akulu, awa ndi mayi anga. Akudwala mutu, kuchipatala akudziwa. Ine mwana wawo anandithamangitsa ndi mthiko. Ngati muli ndi njala dikirani, yanu ikubwera. Iyi ndi ya amalume."

Anthu anaseka, koma kuseka kwina. Pobwerera mlamu anayenda pambali panga osanena kanthu, zimene kwa iye ndi ntchito yaikulu. Titayandikira mudzi anati, "Nyembazo zinali ndi mchere?" Ndinati zinalibe.

Chimene sindinachikonzekere chinabwera nthawi yokolola nsawa. Dokotala anali atanena kuti masiku ena mutu umayerako, ngati kumwamba pakati pa mvula. Ine ndinali nditaiwala.

Tinali pakhonde masana, maungu ali m'mbale. Ananyema chidutswa, dzanja n'kuyamba kubwera kukamwa kwanga. Linaima panjira. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana nyumba yanga. Anayang'ana mkazi wanga, amene ankathothola nsawa pabwalo, n'kumuitana dzina lake la paubwana, limene anali atasiya kalekale kulitchula. Kenako maso anabwerera kwa ine.

"Apongozi?"

Ndi mmene ankanditchulira kale, kuseri kwa nkhokwe.

Dzungu linagwa. Anakoka chitenje n'kudziphimba kumutu, anakwawira m'nyumba ndi maondo. Ndinamva mawu m'katimo.

"Mayo ine! Ndachita chiyani ine? Mwana wanga, anthu aona? Anthu aona?"

Manyazi anga onse aja anali aang'ono. Ine ndinkawanyamula pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku. Iwo anawagwera onse pakamodzi, mayi amene moyo wake wonse ankalowa m'minga kuti asakumane nane maso.

Tsiku limenelo sanadye. Mawa lake sanadye. Chimene chinachitika pakhonde anali atachiiwala, koma manyaziwo anatsala. Akamva mapazi anga ankatembenukira kukhoma n'kudziphimba. Mkazi wanga anali atabwerera kukhala mayi wachifundo uja. Akabweretsa mbale ankati, "Musungireni mlongo wanga," n'kuikankhira pansi pa bedi. Koma mlongoyo tsopano kunalibe. Panali mkamwini yekha. Milomo inayamba kung'ambika. Madzi ankangonyambita.

Mkazi wanga anandipeza kukhola.

"Pitani mukawauze kuti ndinu alongo awo. Munene ndi pakamwa. Mwina akhulupirira."

"Andidziwa."

"Ndiye tizingowayang'ana?"

Ndinapita. Ndinaima pakhomo.

"Alongo," ndinatero. Mawuwo anatuluka ngati a munthu wina.

Anayankha motsitsa, osati kwa ine koma kwa mkazi wanga, amene anali atanditsatira.

"Mayi inu, muwauze apongozi asandiseke."

Ndinabwerera kukhola. Ndinakhala pachitsa mpaka mbuzi zinayamba kulira kuti ndizitsegulire. Ndinali nditanama kamodzi kokha, ndipo bodzalo linawapweteka. Koma m'mutu munatsala mawu amodzi aja: muwauze. Mwana wawo anamuiwala, mudzi anauiwala, koma njira yolankhulira ndi mkamwini anali akuidziwabe.

Ndinauza mkazi wanga aphike phala, aike m'mbale ya maluwa ija, iye achoke. Ndinakhala pakhonde pambali pa chitseko, msana kukhomo, nkhope kunjira. Mbale ndinaiika pakhomo penipeni. Pabwalo panali nkhuku yamawanga ikupalasa makoko a nsawa.

"Nkhuku iwe," ndinatero mokweza.

Azimayi opita kumjigo anaima. Ndinawasiya aime.

"Kawauze apongozi kuti mkamwini wawo wachokera kumunda ndi njala. Uwauze kuti pamudzi wa eni sangadye yekha."

Nkhuku inapitiriza kupalasa.

"Uwauzenso kuti mlongo wawo anadya kale."

Ndinamva mphasa ikulira m'kati. Mawu anatuluka ofooka.

"Nkhuku, uwafunse. Amuona ndi maso?"

"Uwauze ndinali pomwepo. Anadya phala la nsinjiro pakhonde lino. Anati ndakhuta."

"Sananame? Amanama uja."

"Uwauze sananame."

Azimayi aja anali adakaima, ndowa zili m'manja. Palibe anaseka.

"Nkhuku, uwauze apongozi ayambe ndi iwo. Mwamuna wochokera kumunda sadikira."

Ndinatenga mbale osatembenuka. Ndinadya mogunditsa supuni kuti amve. Nditadyako, ndinaikankhira kumbuyo ndi dzanja, mpaka inadutsa pakhomo. Ndinakhala. Ndinayang'ana njira, ndinayang'ana nkhuku, ndinayang'ana zala zanga za kumapazi.

Mbale inakokedwa. Kenako supuni inagunda.

Tsopano m'mawa uliwonse ndimaima pabwalo lawo n'kutsokomola. Akatuluka nkhope ili poyera, mpata wa pamano uja ukuoneka, ndimakhala pamphasa n'kuyasama. Akakokera chitenje kumutu, ndimapereka msana n'kufunafuna nkhuku. Mlamu akuti yamawangayo tisaiphe ngakhale pa Khirisimasi, chifukwa ndi nkhoswe.

Matendawa sanaime. Mawu akuchepa, kumeza kukuvuta, phala tsopano timalisukuluza. Masiku a mkamwini akusowa, a mlongo ndiwo achuluka, ndipo pamasiku amenewo makutu anga amatenthabe ngati tsiku loyamba. Azimayi a kumjigo amadutsabe pang'onopang'ono.

Dzulo linali tsiku la mkamwini. Ndinakhala msana kukhomo, maso pansi, makutu kumbuyo. Anachedwa. Ndinadikira mpaka supuni inayamba kukanda pansi pa mbale, ndipo ndinanyamuka kukatsegulira mbuzi.